Zithunzi zakale za anganga, anthu amenewa ndingawadziwe bwanji nanga zinajambulidwa liti?

MwanaWaKuGombe:

Moni nonse abale anga. Pali nkhani yomwe ikundisowetsa tulo nde ndati ndifunse pano poti pamakhala akuluakulu odziwa zinthu. Anganga anga, mayi awo a mayi anga, anatisiya chaka chathachi, ndiye mmene timagawa katundu tinapeza kasutukesi kachitsulo kunsi kwa bedi, mkatimo munali nsalu zosavalapo, makadi akale achipani, timakalata tingapo ndi zithunzi zokulunga mu pulasitiki ya shuga. Anzanga maso anali pa malata ndi mashini osokera, ine ndinangopempha zithunzizo nkubwera nazo kuno ku boma ku Mangochi komwe ndimakhala.

Zambiri nzaposachedwa, za maukwati ndi ana a sukulu, zimenezo palibe vuto timadziwana. Koma pali zitatu za black and white zomwe ngakhale mayi anga akungoti mwina ndi awa mwina ndi awo. China ndi bambo wamtali wavala yunifolomu, kabudula wolekeza m'maondo, lamba wamkulu, kumutu chipewa chachitali chopanda mlomo chokhala ndi kachingwe kolendewera. China ndi anyamata awiri atchena masuti, mmodzi wasanjika dzanja pa wailesi yaikulu, kumbuyo kwawo kuli chinsalu chojambulidwa nyumba zosanjikizana, kuseri kuli chidindo chofufutika koma mawu oti Johannesburg akuwerengeka. Chomwe chikundipweteka mutu kwambiri ndi cha azimayi atatu akhala pa mkeka kutsogolo kwa nyumba yaudzu, kumbuyo kwaima azibambo, koma mmodzi mwa azibambowo anachita kumudula ndi lezala thupi lonse, changotsala ndi dzanja lake lokha lili pa phewa la mayi wapakati.

Kwathu ndi tsidya lija, mbali ya ku Malindi, ndipo banja lathu ndi losakanikirana ena Asilamu ena a Anglican. Ndikufuna ndilembe mtundu wathu bwinobwino ana anga adzaudziwe, chifukwa ine ndimathera pa anganga basi kupitirira apo ndi mdima. Mng'ono wawo wa anganga alipo kumudzi koma akula kwambiri komanso maso sakuona bwino. Nde ndiyambire pati? Zaka za chithunzi munthu amazidziwa bwanji? Yunifolomu imeneyi ndi yachani? Nanga munthu nkumudula pa chithunzi chonchi zimatanthauza chani?

Kajambule:

Achemwali pepani ndi zovutazo. Bambo anga anali wojambula, ankapalasa njinga kuchokera pa boma kukafika ku Makawa, Nkope, pena mpaka ku Monkey Bay, ine ndakula ndikulongedza zithunzi za anthu m'maenvulopu nde ndikuuzeni mmene ndimaonera.

Muyambe ndi kuseri musanayang'ane nkhope. Chidindo cha situdiyo chikakhala ndi dzina la tauni mwapeza kale malire. Pakalembedwa Nyasaland ndiye kuti isanafike 6 July 1964. Salisbury inasanduka Harare mu 1982, Lourenço Marques inasanduka Maputo mu 1976, ndipo poti ife kuno tili ndi abale ambiri ku Mozambique, mukaona Vila Cabral dziwani kuti ndi Lichinga nthawi ya Apwitikizi isanathe 1975. Timakalata tija musatitaye, masitampa ake amanena zambiri, a mutu wa King George VI ndi a nthawi yake iye anamwalira mu 1952, olembedwa Rhodesia & Nyasaland ndi a nthawi ya Chitaganya chomwe chinatha mu 1963. Kalata ikamakamba za mapaundi ndi masheleni kuno kwathu ndiye kuti kwacha isanabwere mu 1971. Nthawi zambiri chithunzi cha ku Joni chinkabwera mkati mwa kalata, nde onani ngati kukula kwake kukulingana ndi envulopu ina mwa amenewo.

Kenako pepala lake. Tizithunzi ting'onoting'ono ta mzere woyera m'mbali, m'mphepete mochekedwa manomano, tambiri ndi ta m'ma 1940 ndi 1950 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1960. Za kalala zomwe zafiira zonse ngati zapsa ndi dzuwa ndi za m'ma 1970 ndi 1980. Zokhala ndi deti yamanambala a olenji pakona ndi za kumapeto kwa m'ma 1980 ndi m'ma 1990, koma deti imeneyo musaikhulupirire yokha, batire ikachotsedwa mu kamera deti inkabwerera poyambira ndipo ojambula ambiri sankavutika kukonza. Komanso black and white sizitanthauza kuti ndi nthawi ya atsamunda ayi, kumidzi kuno anthu ajambulitsa black and white mpaka m'ma 1980 chifukwa filimu ya kalala inali yodula komanso inkachita kupita ku Blantyre kokatsukitsa. Palinso zina zojambulidwa kachiwiri, munthu ankabwera ndi chithunzi cha malemu choti chayamba kuonongeka bambo nkuchijambulanso, nde pepala limakhala latsopano pamene munthuyo ndi wakalekale. Zoterezo mumaziona nkhope imakhala yachimbuuzi ndipo pena m'mphepete mwa chithunzi choyambacho mumaonekera.

Zovala nazo zimathandiza. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa azimayi mathalauzi ndi masiketi aafupi mpaka 1993, azibambo nawo tsitsi lalitali linali loletsedwa, nde mukaona mtsikana wa thalauzi kapena mnyamata wa tsitsi lofika m'khosi ndiye kuti mwina anajambulitsa kunja kapena nthawi ina osati pakati pa zaka zimenezo. Nsalu ya nkhope ya Kamuzu, yunifolomu ya Payoniya yomwe inatha mu December 1993, zonsezo ndi zizindikiro. Kuno ku boma anthu amakonda kujambulitsa pa chipilala cha wotchi chija, chokhacho sichikuuzani kanthu poti chilipo kuyambira 1903, koma yang'anani mlatho kumbuyoko ngati ndi wakale uja kapena wa Bakili Muluzi.

Za anyamata a masutiwo, wailesi imeneyo mwina si yawo. Masitudiyo ankasunga wailesi, telefoni yosalumikiza, wotchi, jekete ngakhale tayi zoti makasitomala abwereke, munthu atumize kumudzi aziti zikumuyendera. Nde musalembe kuti agogo anali olemera chifukwa cha wailesi.

Tsono chonde zichotseni mu pulasitiki ya shugayo lero lomwe, ndi kutentha kwa Mangochi kuno pulasitiki imachita thukuta zithunzi nkumatana. Zikamatana musakoke, nkhope imatsalira pa chinzake. Osazipanga laminate olo wina akuuzeni kuti zikhalitsa, makina aja amaotcha ndipo simungadzazichotsemonso. Osamata selotepi, osamanga ndi mphira, kuseri lembani ndi pensulo mopepuka osati bolopeni imadutsa. Chilichonse pachokha pakati pa mapepala oyera, muike mu chitini chotseka pamwamba kutali ndi chiswe ndi madzi, mwaona nokha mmene nyanja inakwerera mu 2024 anthu a m'mphepete katundu wambiri anaonongeka. Mujambule ndi foni pakhonde pamthunzi opanda flash, kutsogolo ndi kuseri komwe, ndipo potumizirana pa WhatsApp muzitumiza ngati document chifukwa mukatumiza wamba imachepetsa chithunzi timalemba tating'ono sitiwerengekanso.

ChamboBoy:

Sisi zosavuta izi, pali ma app monga Remini amayeretsa nkhope mpaka kuika kalala, ine ndinapanga cha agogo anga chinatuluka bho kwambiri. Mukatero muponye m'magulu a pa Facebook a anthu a ku Mangochi wina awazindikira basi.

Kajambule:

Aise pamenepo nde ayi. Ma app amenewo sayeretsa nkhope, amachita kupeka ina pomwe yafufutika, maso mphuno mano zonse amatenga kwina nkuikapo. Chokongola chimatuluka inde koma si munthu uja. Ukakaonetsa gogo chithunzi chotero umusokoneza, chipsera kapena mphini zomwe akanamudziwira nazo app yasalaza. Ngati ukufuna chokhoma pakhoma panga, koma chofunsira anthu chikhale chenichenicho. Za Facebook zitha kuthandiza makamaka cha ku Joni chija, koma chodulidwacho asaponye asanamve kaye kumudzi.

MphunzitsiWopuma:

Mwanangu wachita bwino kutola zithunzizo. Ndiyankhepo za bambo wa yunifolomu ndi anyamata a ku Joni.

Chipewa wafotokozacho ndi fez. Ankavala asikari a King's African Rifles, KAR, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri, 1 ndi 2, anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Anyamata a boma lino makamaka Ayao analowa usikari ambiri zedi, nde sizodabwitsa kupeza chithunzi chotero m'banja la tsidya lija. Koma usathamangire, apolisi a nthawi ya atsamunda nawo ankavala fez, amesenjala a kwa DC chimodzimodzi. Ndipo kuno kwathu kuli Beni, ovina Beni amavala ngati asikari mpaka mamendulo pachifuwa poti guleyo anatengera perete wa asilikali, ndaonapo banja likusunga chithunzi cha mkulu wa Beni nkumati anamenya nkhondo. Nde tenga chithunzicho pa foni uchikulitse, uone pa chipewa ndi m'mapewa ngati pali nambala, zilembo za KAR kapena kalipenga kakang'ono. Uonenso kumapazi. Asikari akale a nthawi ya nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918 nthawi zambiri amaoneka opanda nsapato angokulunga nsalu m'miyendo, majombo anafala pa nkhondo yachiwiri. A nkhondo yachiwiriwo anafika ku Somaliland, Abyssinia, Madagascar mu 1942, Ceylon, ndi Burma mu 1944, ndipo ku Burma ankavala chipewa chamlomo chopinda mbali imodzi. Ena anapitanso ku Malaya kumayambiriro kwa m'ma 1950. Ukamafunsa akuluakulu utchule maina a maiko amenewa, gogo akhoza kuiwala chaka koma mawu oti Bama saiwala. Ngati munthuyo anafera kunkhondo yesa kusaka dzina lake pa intaneti pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, nzaulere, ndi omwe amasamala manda a asilikali aja ali pa boma pano.

Za ku Joni, ambiri ankapita kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi, pa kontilakiti ya pafupifupi zaka ziwiri, ena ankapita selufu paokha wapansi kudzera ku Mozambique ndi Rhodesia. Kumayambiriro kwa m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anapitirira 100,000. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana nkupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kumudzi, Kamuzu nkuletsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977 pang'onopang'ono dzina litasintha kukhala TEBA, mpaka zinathera mu 1988. Zaka zimenezi zikuthandiza, ukamva kuti anabwera ndege itagwa kapena anapita nthawi ya Theba wadziwa pomwe uli. Fufuzanso mu sutukesimo ngati muli kabuku kapena kapepala kokhala ndi nambala ya ku mgodi, nambalayo ndi yofunika kuposa dzina chifukwa ambiri ankalembetsa maina ena.

Ku Zomba kuli National Archives, kumeneko kuli mafailo a ma DC a Fort Johnston, dzina lakale la boma lathu lino, ndipo mabuku a ma DC ankalembamo mbiri ya mafumu ndi midzi yawo. Dzina la agogo ako mwina sulipezamo pokhapokha akhale kuti anali mfumu, mesenjala kapena anali ndi mlandu, koma mbiri ya mudzi wanu ndi komwe unachokera utha kuipeza. Ku Mandala House ku Blantyre a Society of Malawi amasunga zithunzi zakale zambiri, ndi poyerekezera mayunifolomu pabwino. Koma kumeneko upite pambuyo, uyambe ndi kumudzi.

AbitiWaKuNamwera:

Achemwali zonse anena azibambowa nzoona koma ine ndikuti nyamukani mupite kwa anganga aang'onowo sabata ino, zina zonsezi zidikira, mapepala a ku Zomba sathawa koma gogoyo sitidziwa za mawa. Ine kwathu ndinalemba mibadwo yathu ndi azakhali a mayi anga, patangopita miyezi yochepa anamwalira, ndipo zomwe anandiuza palibenso wina ankazidziwa.

Taonani chinthu ichi. Zithunzi zakale zambiri ndi za amuna, chifukwa amuna ndi amene ankayenda, usikari, Joni, Halale, ndiwo ankakumana ndi kamera. Koma kwathu kuno mtundu umayenda ndi akazi. Mwamuna ankabwera chikamwini, ukwati ukatha kapena akamwalira mkazi iye nkubwerera kwawo, ana nkutsala ndi mbumba. Nde mukatsata amuna a masutiwo mutha kuthera m'mudzi mwa eni, pamene chithunzi chanu chenicheni ndi cha azimayi a pa mkekawo. Amenewo ndiwo msana wa banja lanu. Mufunse mayi wapakatiyo ndani, anabadwa kwa ndani, mayi akewo anabadwa kwa ndani, mukwere choncho mpaka pomwe gogo athere. Amuna muziwakoleka m'mbali, uyu anali mlongo wa uje, uyu anali mkamwini wochokera kwakuti.

Kafunsidwe kake samalani. Musapite ndi foni yokha, maso okalamba pa kagalasi ka foni saona kanthu, kasindikizitseni chachikulu pa pepala lonse pa boma pompo, chenichenicho musiye kunyumba. Mutengeko shuga, sopo, kansalu, mufike ngati mwabwera kudzacheza osati ngati a kalembera. Mukhale pansi pa mkeka, m'mawa dzuwa lisanatenthe mutu ukadali wopepuka, chithunzi chimodzi pa nthawi. Ndipo chachikulu, musawatchulire dzina. Mukati kodi awa si aujeni, iwo angoti eya ndi omwewo pofuna kukusangalatsani kapena kuopa kuoneka oiwala. Mungowapatsa nkukhala chete. Akatchula mufunse kuti inu munkawaitana kuti chani, ankakhala nyumba iti, anaikidwa manda ati. Kenako chithunzi chomwecho mukaonetse nkhalamba ina payokha osaiuza zomwe mwamva, maina akagwirizana apo nde mwapeza. Pemphani kuti mujambule mawu pa foni, polemba pamanja zambiri zimakudutsani komanso gogo akaona bolopeni amayamba kusankha mawu.

Zaka musafunse kuti chinali chaka chanji. Funsani kuti pa njala ya 1949 anali atakwatiwa kale? Mmene inkamira sitima ya Viphya mu 1946 anali ndi ana angati? Pa ufulu anali moyo? Funsaninso kuti anavinidwa limodzi ndi ndani, chifukwa a unyago umodzi amakhala a msinkhu umodzi, mukadziwa chaka cha mmodzi mwayandikira cha onse.

Maina nde ndi pomwe pamasocheretsa anthu. Munthu mmodzi amakhala ndi dzina la paubwana, lina la ku jando kapena ku nsondo, lina la ubatizo kapena la Chisilamu, lina la ku ntchito, kenako nkudzalowa dzina la amalume ake ngati ndi ufumu. Nde mutha kulemba anthu anayi pamene ndi mmodzi, kapena kulemba mmodzi pamene dzinalo alowa anthu atatu motsatana. Azimayi ambiri timangowadziwa kuti Abiti uje, limenelo likukuuzani dzina la bambo awo, ndi chuma chimenecho lembani, koma funsaninso lawolawo. Saneimu kuno siinkakhazikika, mwana ankatenga dzina loyamba la bambo ake nde m'badwo uliwonse imasintha, ana a mayi mmodzi nkukhala ndi masaneimu osiyana. Gogo akati awa ndi amayi anga mufunse ngati ndi owabereka kapena amayi aang'ono kapena aakulu, akati achimwene mufunse kuti bere limodzi kodi. Ine ndinkajambula pa pepala lalikulu mayi aliyense ndi ana a m'mimba mwake pansi pake, zinayamba kuoneka bwino.

Musaiwalenso kuti ena sanajambulitsepo moyo wawo wonse, akuluakulu ena achisilamu sankafuna nkomwe za zithunzi, ena kamera siinawapeze. Amenewonso alembedwe mofanana ndi anzawo. Mwini mbumba wanu mumuuze zomwe mukuchita asamve kwa anthu, nkhani za mtundu zimakhudza malo ndi ufumu, wina atha kuganiza kuti mukusaka munda. Ndipo pa sadaka kapena pa ziyala pomwe abale akutali amasonkhana muzikhala ndi mapepala anuwo m'chikwama.

MdzukuluWaMsodzi:

Ine ndine wa konko ku Malindi, ndinene za wodulidwayo. Choyamba onani kadulidwe. Ngati panachotsedwa kabokosi ka nkhope yokha mwaukhondo, nthawi zambiri ndi munthu ankafuna kachithunzi ka pa chitupa kapena pasipoti nkudula pomwe anali napo. Koma inu mwati thupi lonse, ndiye kuti wina ankafuna munthuyo asaoneke. Zitha kukhala za ukwati, mwamuna anathawa kapena anatchona ku Halale osatumiza olo kalata mkazi nkupsa mtima, zimenezo zinkachitika.

Koma poti mwati mbali ya kwathu, pali zinanso. Masauko Chipembere, nduna ija inagalukira Kamuzu, kwawo kunali konkuno, bambo ake anali wansembe wa Anglican. Mu February 1965 iye ndi anthu ake analowa pa boma la Fort Johnston usiku nkutenga mfuti, anakathera pa doko la Liwonde. Zitatero midzi ya tsidya lino inaona zoopsa, asilikali ndi a Payoniya ankasaka nyumba ndi nyumba, anthu ambiri anamangidwa popanda mlandu, ena anathawira ku Tanzania, ndipo patapita zaka anthu a mudzi wa Moto anatengedwa mudzi wonse kupita ku Dzaleka ku Dowa. Nthawi imeneyo kupezeka ndi chithunzi kapena kalata ya munthu yemwe akumutcha chigawenga kunali kudziitanira tsoka. Mabanja ambiri anaotcha zithunzi, ena amene sanafune kutaya nkhope za amayi awo ankangodula munthu mmodziyo. Kwathu agogo anga aamuna mpaka kumwalira sankatchula dzina la mng'ono wawo pagulu ngakhale matipate atabwera kale.

Nde mukakafunsa chithunzi chimenecho chikhale chomaliza, pasakhale ana kapena alendo pafupi, ndipo akakana musakakamize. Kwa ife ndi mbiri koma kwa iwo ndi m'bale wawo.

MwanaWaKuGombe:

Abale zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndinachita mmene munanenera Abiti a ku Namwera, ndinasindikizitsa zazikulu nkuwoloka. Ndinagona konko.

Wa yunifolomu anganga aang'onowo sanachedwe naye nkomwe, anangoti awa ndi amjomba, kutanthauza mlongo wawo wa mayi awo, ndipo anayamba kuyimba kanyimbo kena koti ankayimba akamachokera kokaledzera. Akuti anapita kunkhondo iwo ali kamtsikana, anabwera ndi chifuwa, sanakhalitse. Nditakulitsa pa foni majombo alipo ndipo paphewa pakuoneka zilembo, a Mphunzitsi ndikutumizirani ku inbox muone. Anyamata a ku Joni mmodzi ndi mchimwene wawo wa agogo anga aamuna, winayo akuti si m'bale, anali mnzake Mtonga wa ku Nkhata Bay ankagona chipinda chimodzi ku komponi, anafikapo kumudzi kamodzi. Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana naye ananena chimodzimodzi nditamufunsa payekha.

Mayi wapakati pa mkeka ndi mayi awo enieni, ndiye kuti agogo awo a mayi anga, ine ndinali ndisanaonepo nkhope yawo, chipumi chake ndi cha mwana wanga wamkazi ndendende. Ananditchuliranso mayi awo a amenewo ndi agogo awo omwe akuti anatsika kuchokera ku mapiri a ku Mozambique atabereka mwana kumbuyo. Nde kuwerenga ndi ana anga ndili ndi mibadwo isanu ndi iwiri ya kuchikazi pa pepala, ine amene ndinkathera pa anganga.

Titafika pa wodulidwayo anganga anagwira pepala nthawi yaitali akusisita pomwe pali dzanjapo, kenako anati ubwerenso wekha tidzakambe. Sindinaonjezere mawu.

Funso lina tsopano, akuti mayi awo aja anabatizidwa ali wamkulu kale ku mishoni, ana ena atabadwa. Kodi mabuku a ubatizo a nthawi imeneyo alipo, ndipo munthu wamba amaloledwa kuona?

MphunzitsiWopuma:

Wagwira ntchito mwanangu. Chithunzi chija ndachiona, ndi KAR ndithu ndipo ndi majombo amenewo ndi nkhani ya chifuwayo zikugwirizana ndi nkhondo yachiwiri.

Za mabuku, amishoni a UMCA omwe anayambitsa Anglican kunyanja kuno ankalemba ubatizo, kulimbitsa, maukwati ndi maliro, ndipo mabuku otere amasungidwa pa parishi, ena akale kwambiri amapita ku likulu la dayosizi kapena ku Archives ku Zomba. Uyambire kwa abambo a parishi ya kwanuko, upite ndi mkulu wa mpingo wa m'banja mwanu amene akudziwika, ufotokoze chomwe ukufuna. Akakuuza kuti akalewo palibe ufunse ku Malosa komwe kuli likulu la dayosizi ya Upper Shire. Kumbukiranso kuti kale ansembe ankayendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja pa sitima ya Chauncy Maples, yomwe inalumikizidwa kwa Mponda nkuyamba kuyenda mu 1901, ndipo likulu la mishoni linali ku Likoma, nde dzina litha kupezeka m'buku la siteshoni ina osati yomwe ukuganizira.

M'bukumo mumakhala tsiku, dzina la ubatizo, mudzi, amboni ndi wansembe, kwa ana amalembanso makolo. Poti iwo anabatizidwa ali aakulu, saka zaka zoyandikana ndi kubadwa kwa ana awo apakati, ndipo uyang'anenso masamba oyandikira chifukwa kawirikawiri mayi akabatizidwa ana ake aang'ono ankabatizidwa nthawi yomweyo kapena patangopita pang'ono, apo upeza maina angapo pamodzi. Amboni uwalembenso, ambiri ankakhala abale. Kalembedwe ka maina usaumirire kamodzi, azungu aja ankalemba mmene amvera, L ndi R amasinthana, Che pena amaiphatikiza ku dzina pena ayi. Ufunsenso anganga dzina la mudzi la nthawi imeneyo, midzi yambiri inagawikana ndipo dzina la mfumu ya lero mwina m'bukumo mulibe.

Mbali ya Chisilamu kaundula wotere kunalibe, kumeneko upite kwa mashehe achikulire ndi akuluakulu a pa mzikiti wa m'mudzimo, amadziwa amene anaphunzira kwa shehe uti ndi amene anaikidwa pati. Mabuku akalewo mapepala ake ndi ofumbwa, usambe m'manja, usanyowetse chala potsegula, ndipo upemphe chilolezo usanajambule tsamba ndi foni.